Kabwato ka Alendo ndi Bwato la Msodzi

Munthu wotsika basi pa Nkhata Bay, akamayenda kulowera kudoko kumene sitima ya Ilala imakocheza, sachedwa kuona mabwato a mitundu iwiri. Mtundu woyamba uli m'mbali mwa msewu, pamene osema ziboliboli amayala malonda awo: timabwato tating'onoting'ono, tosalala ngati dzira, topakidwa polishi, tina tili ndi kamunthu kogwira nkhafi m'kati mwake. Mtundu wachiwiri uli pamchenga, m'mphepete mwa madzi. Amenewa ndi mabwato a asodzi, akuda ndi dzuwa, onunkha usipa, odzala ndi zigamba za malata ndi phula. Mlendo wokhala ndi ndalama m'thumba amakopeka ndi mtundu woyamba uja, ndipo salakwa, pakuti kabwato kameneka kakupita pashelefu ku Lilongwe kapena ku Berlin, ndipo ntchito yake yonse ndi kukondweretsa maso. Koma palibe msodzi wamutu wake amene angasankhe bwato chifukwa cha kusalala. Iye amadziwa kuti chakumpoto kwa doko lomwelo nyanja imazama mamita pafupifupi 700, ndi kuti kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti mwera suodira pobwera.

Kusiyana kwa mabwato awiriwa kungathandize wophunzira kuweruza mkangano umene wabuka pa ntchito ina yooneka ngati ilibe chibale ndi nyanja: ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta. Pulogalamu ndi mndandanda wa malangizo, wolembedwa m'chinenero chimene makina amamva, wouza makinawo zochita chimodzi ndi chimodzi. Mayi akalandira pafoni ndalama zochokera kwa mwana wake ku Johannesburg, bambo akagula mayunitsi a magetsi a ESCOM, wodwala akalembetsa dzina pachipatala, kuseri kwa zonsezi kuli malangizo amene munthu wina adakhala pansi n'kulemba. Kwa zaka zambiri ntchitoyi idali ya manja ndi mutu, mzere ndi mzere, ndipo woilowa ankatha zaka anzake asanamukhulupirire kuti agwire yekha chinthu chokhudza ndalama kapena moyo wa anthu.

Zinthu zidayamba kusintha mu 2021 pamene kampani ya GitHub idatulutsa chida chotchedwa Copilot, chomalizitsa mizere imene wolemba wangoiyamba. Mu Novembala 2022 kudabwera ChatGPT, ndipo pambuyo pake zida zina za mtundu womwewo, zonse zodalira nzeru za makina zimene pa Chingerezi amazifupikitsa kuti AI. Kapangidwe ka zidazi n'kozama, koma mutu wake ndi uwu: makinawo adadyetsedwa mulu waukulu wa zolembedwa ndi anthu, kuphatikizapo mapulogalamu miyandamiyanda oikidwa poyera pa intaneti, mwakuti akapatsidwa pempho amalosera mawu ndi mizere imene kawirikawiri imatsatira pempho lotero. Lero munthu angathe kulemba m'Chingerezi wamba kuti akufuna pulogalamu yosunga maina a angongole, ndipo asanamalize kumwa tiyi pulogalamuyo yatheka. Mu Febuluwale 2025 Andrej Karpathy, mmodzi mwa amene adayambitsa OpenAI, adafotokoza kalembedwe katsopano kamene adakatcha "vibe coding". Iye ankangouza makinawo chimene akufuna, n'kuvomera zonse zimene alemba osaziwerenga. Pakatuluka uthenga wa cholakwa ankaukopera n'kuubwezera kwa makina omwewo kuti adzikonze okha. Dzinali lidafala msanga kotero kuti chakacho chisanathe a dikishonale ya Collins adalisankha kukhala mawu a chaka.

Chimene ambiri adachiiwala pofalitsa dzinalo n'chakuti mwini wakeyo adanenanso kuti njirayi ndi yoyenera timapulogalamu tosewera nato Loweruka ndi Lamlungu, toti n'kutaya pambuyo pake. Ndiye kuti iye ankakamba za kabwato ka pashelefu. Koma m'kamwa mwa otsatsa malonda mawuwo adakula n'kusanduka chiphunzitso chakuti luso lolemba ndi kuwerenga pulogalamu latha ntchito, ndi kuti wachinyamata wanzeru asatayenso zaka kuliphunzira. Chiphunzitso chimenechi ndicho chiyenera kuikidwa pasikelo, pakuti chikulowa m'mafoni a ophunzira a m'sekondale za dziko lino, ndipo ena angasankhe tsogolo lawo pochikhulupirira.

Chilungamo chifuna kuti makinawa ayambe apatsidwa zawo. Liwiro lawo si bodza. Mu 2022 a GitHub adayesa olemba mapulogalamu 95, kuwagawa m'magulu awiri ndi kuwapatsa ntchito imodzi. Gulu logwiritsa ntchito Copilot lidatha pafupifupi ola limodzi ndi mphindi 11, pamene gulu linalo lidatha maola awiri ndi mphindi 41. Ngakhale kuti woyesayo ndiye adali wogulitsa, kusiyana kotere sikungakanidwe ndi mkamwa chabe. Ndipo kwa mnyamata kapena mtsikana wa ku Chintheche kapena ku Usisya, amene alibe mphunzitsi wa kompyuta pafupi ndiponso alibe buku, chida choyankha funso pakati pa usiku, mosatopa ndi mosanyoza, ndi mdalitso. Pali akulu ena amene amadana ndi chipangizo chilichonse chatsopano poganiza kuti thukuta ndilo luso. Amenewo nyanja yomweyo idawatsutsa kale: injini itafika pamaboti a matabwa, asodzi a chilimira sadaiponye m'madzi pofuna kulemekeza nkhafi. Kuvutika pachabe kulibe ulemu, ndipo kalipentala wokana macheka a magetsi sapanga tebulo labwino chifukwa cha kukanako.

Komabe chiwerengero chilichonse chili ndi funso kumbuyo kwake: adayesa ntchito yanji? Ntchito ya GitHub ija idali yaing'ono, yoyambira popanda kanthu, ya mtundu umene makinawo adauona kambirimbiri. Mu Julayi 2025 bungwe lofufuza lotchedwa METR lidafalitsa zotsatira za kuyesa kwa mtundu wina. Lidatenga akatswiri 16 ogwira ntchito pa mapulogalamu akuluakulu amene adakhala nawo zaka, n'kuwasiya agwire ntchito 246 zenizeni za m'mapulogalamu awo omwewo, zina ndi makina, zina popanda. Asanayambe, akatswiriwo ankayembekeza kuti makina awachepetsera nthawi ndi magawo 24 pa 100. Zotsatira zake zidatembenuka: ntchito yofuna mphindi 100 popanda makina inkawatengera mphindi 119 ali ndi makina. Nthawi inkathera pofotokoza, podikira, powerenga ndi pokonza zimene makina alemba. Chodabwitsa koposa n'chakuti atamaliza, iwo ankakhulupirirabe kuti afulumira ndi magawo 20 pa 100. Anthu 16 ndi ochepa, ndipo zida za nthawi imeneyo zidapitiriridwa kale ndi zina, choncho chiwerengerochi chisasanduke lamulo. Chimene chatsala n'chakuti kumva ngati ukuthamanga ndi kuthamanga kwenikweni ndi zinthu ziwiri. Wopalasa molimbana ndi mwera amamva mphepo kumaso ndi madzi akumuwaza, osazindikira kuti thanthwe limene adaliona kumanzere likadali pomwepo.

Tsono luso lili pati? Woonerera wosema bwato amaganiza kuti luso lili m'kutema, chifukwa kutema ndiko kumamveka ndi kuoneka. Koma ntchito imayamba nkhwangwa isanatuluke m'nyumba. Mmisiri amayamba wazungulira mtengo, kuyang'ana kupendama kwake, kuugogoda kuti amve ngati uli ndi mphako, ndi kulingalira mbali imene idzakhale pansi. Kale ankafuna mitengo yolimba ngati mbawa. Masiku ano, mitengo yotere itasowa, ambiri amasema mtengo wa mango ndi ina yofewa, ndipo wodziwa amasiya thupi lokhuthala pokumbukira kuti mtengo wotere sukhalitsa. Pofukula m'kati ndi sompho diso silithandiza kwenikweni, pakuti palibe angaone kukhuthala kwa khoma lopanda bowo. Amagogoda ndi kumvetsera, dzanja lina kunja, lina m'kati. Pansi amasiya polemera kuti bwato likhazikike, milomo amaipindira m'kati kuti mafunde asalowe msanga. Akalakwitsa kamodzi n'kuboola, mtengo umene udatha zaka makumi ukukula watsala wa nkhuni. Ndipo asanayambe n'komwe amafunsa: kodi bwatoli n'la munthu mmodzi wa mbedza, kapena lonyamula nyali za usipa usiku? Kutema kwenikweniko mphwake wamphamvu angathe kumuthandiza. Chimene sangabwereke kwa wina ndicho kudziwa poleka.

N'chimodzimodzi ndi pulogalamu. Kutayipa mizere ndiko kutema, ndipo kumeneko makina apambana munthu, monga macheka a injini adapambanira nkhwangwa. Koma gawo lalikulu la ntchito ya mmisiri wa mapulogalamu lili kwina: kumvetsa amene adzagwiritse ntchito chinthucho, kulingalira zimene zingalakwike, kuyesa mwadala malo ofooka, ndi kusiya ntchito yoti wina adzathe kuiwerenga ndi kuikonza mwini wake atachoka. Dziko la Malawi lili ndi chitsanzo chakechake cha luso lotere, ndipo n'choyenera kuchiyang'anitsitsa.

Mu 2001, pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe chimene tsopano chimatchedwa Kamuzu Central, gulu laling'ono lotsogozedwa ndi Gerry Douglas, lodziwika ndi dzina lakuti Baobab Health, lidayamba kuika makompyuta olembera odwala. Mapulogalamu a zipatala adalipo kale m'maiko olemera, ndipo njira yachidule ikadakhala kugula imodzi n'kuitsitsa pandege. Iwo adayamba ndi kuyang'ana. Adaona kuti alembi ndi anamwino ambiri adali asanagwirepo kompyuta, choncho adachotsa kiyibodi ndi mausi, n'kuika galasi longogunda ndi chala, funso limodzi pa tsamba limodzi, mabatani akuluakulu. Adaona kuti magetsi amathima, choncho adasankha timakina todya moto pang'ono, totha kuyendera mabatire. Makina oyambawo sadali a chipatala n'komwe: tidali timakompyuta totchipa totchedwa I-Opener, tolephera malonda ku America, timene adatigula n'kutisintha. Adaonanso kuti wodwala amayenda ndi kabuku kake ka zaumoyo, choncho sadalimbane nako, koma adaika makina osindikiza kapepala komata, kokhala ndi nambala ndi timizere takuda towerengedwa ndi makina, kuti kompyuta ndi kabukuko zizidziwana.

Zina zimene adakonza n'zazing'ono kotero kuti mlendo sangaziganize. Gogo wa kumudzi akafunsidwa tsiku lobadwa amayankha kuti adabadwa cha m'nthawi ya njala yaikulu ija, kapena sayankha konse. Pulogalamu yolembedwa ndi munthu wosadziwa dziko lino imakana kupitirira mpaka bokosi la tsiku litadzazidwa, ndipo mlembi wotopa, poona mzere wa anthu pakhomo, amangopeka tsiku. Pulogalamu ya Baobab inkalola mlembi kunena kuti chaka sichikudziwika, n'kuika zaka zongoyerekeza, ndipo inkakumbukira kuti n'zongoyerekeza. Maina nawo ali ndi vuto lawo, pakuti m'zinenero za kuno "l" ndi "r" amasinthana, mwakuti munthu mmodzi angalembedwe Chirwa lero, Chilwa mawa. Pankafunika njira yofufuzira dzina potsata kamvekedwe kake, kuti wodwala mmodzi asasanduke awiri. Pamene mu 2006 ntchitoyi idafika ku mankhwala otalikitsa moyo pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, zinthu zazing'onozi zidasanduka nkhani ya moyo, chifukwa wodwala wosokonezedwa ndi mnzake angapatsidwe mankhwala osamuyenera. Ambiri mwa olemba mapulogalamuwo adali Amalawi, oti chinthu chikavuta ankatha kupita kukaima pambali pa namwino n'kuona ndi maso. Palibe chimodzi mwa zosankha zimenezi chimene chidachokera ku liwiro la zala. Makina a lero akadatha kulemba mizere yonseyo m'masiku ochepa, koma pokhapokha munthu woimirira m'chipatala atayamba wawauza za gogo uja.

Wowerenga ayerekeze tsopano mnyamata wa pa Nkhata Bay amene wamaliza Fomu 4, ali ndi foni yabwino ndi mtima wofuna kuthandiza. Azakhali ake ali m'gulu la banki m'khonde la amayi ogula usipa, ndipo kaundula wawo wa m'kope wadzala ndi zofufutafufuta. Mnyamatayo apempha makina, ndipo madzulo omwewo aonetsa amayiwo pulogalamu yokongola, yowerengera masheya ndi chiwongoladzanja m'kuphethira kwa diso. Onse aomba m'manja. Palibe bodza pamenepo. Pulogalamuyo ikugwiradi ntchito, monga kabwato ka pashelefu kamayandamadi kakaikidwa m'beseni.

Nyanja yake imabwera pambuyo. M'gulumo muli amayi awiri a dzina limodzi ndi mfunda umodzi: kodi pulogalamuyo ikuwasiyanitsa ndi chiyani? Msungichuma walemba 3/4 kutanthauza pa 3 Epulo, koma makina ophunzira kwambiri zolembedwa ku America angawerenge kuti ndi pa 4 Malichi, ndipo ngongole yakula ndi mwezi wathunthu. Netiweki yaduka ndalama zili pakati polembedwa, mayi wadina kawiri: kodi zalowa kamodzi, kawiri, kapena sizidalowe? Wina wabweza theka la ngongole, wina wamwalira chaka chisanathe, ndipo malamulo a gulu pa zoterezi sadalembedwe paliponse, ali m'mitu ya amayiwo. Foni yagwera m'madzi: kaundula ali kuti? Makina akafunsidwa lililonse la mafunsowa angathe kupereka yankho labwino. Vuto n'lakuti si nthawi zonse pamene amadzifunsa okha, ndipo mnyamata amene sadawerenge zimene zalembedwa sadziwa n'komwe kuti pali funso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku logawana ndalama mu Disembala, chiwerengero cha pafoni chikadzasiyana ndi ndalama za m'bokosi ndi K40,000, amayiwo sadzaloza foni chala. Adzayang'ana msungichuma.

Amene angati uku n'kukokomeza amve zimene zidachitika ku Britain. Kuyambira mu 1999 positi ofesi ya dzikolo idaika m'nthambi zake pulogalamu yowerengera ndalama yotchedwa Horizon, yopangidwa ndi kampani ya Fujitsu. Pulogalamuyo idali ndi zilema zimene nthawi zina zinkaonetsa kuti ndalama zasowa pamene sizidasowe. Pakati pa 1999 ndi 2015 oyang'anira nthambi oposa 900 adazengedwa milandu ya kuba ndi chinyengo. Ena adamangidwa, ena adagulitsa nyumba pobweza ndalama zimene sadabe, ena adadzipha. Mu Epulo 2021 khoti la apilo lidafafaniza zigamulo 39 tsiku limodzi, ndipo mu 2024 nyumba ya malamulo idachita kukhazikitsa lamulo lapadera loyeretsa otsalawo. Horizon idalembedwa ndi anthu, osati makina, ndipo pamenepo ndi pamene chenjezo likuwirikiza. Ngati pulogalamu yokhala ndi olemba odziwika idatha zaka 20 khoti lisanatsimikize zilema zake, nanga pulogalamu yopanda munthu ndi mmodzi yemwe woti adaiwerenga, adzaitsegula ndani pofuna kupulumutsa wonamiziridwa?

Ntchito yolembedwa ndi makina ili ndi khalidwe lina limene limakulitsa vutoli. Imaoneka yaudongo nthawi zonse: mizere yofola bwino, maina omveka, ndemanga zaulemu. Mwana wa sukulu akakayika, kukayikako kumaoneka m'ntchito yake, ndipo mphunzitsi amadziwa pothira inki yofiira. Makina amalemba cholondola ndi cholakwa ndi dzanja limodzi losanjenjemera. Nthawi zina amatchula chipangizo cha pulogalamu chimene kulibe, dzina lomveka bwino koma lopeka. Nthawi zina, akauzidwa kuti uthenga wa cholakwa uchoke, amauchotsadi, koma pophimba cholakwacho m'malo mochichiza, monga munthu wopaka utoto pa mng'alu. Ndipo kumvera kwawo kuli ndi malire. Mu Julayi 2025 chida cha kampani ya Replit chidafufuta nkhokwe ya zolembedwa ya wamalonda wina wa ku America, Jason Lemkin, chitauzidwa momveka kuti chisasinthe kanthu, mpaka mkulu wa kampaniyo adapepesa poyera.

Chilema cha pulogalamu sichikhala nthawi zonse m'zimene imachita. Nthawi zina chimakhala m'zimene imalola. Mu 2013 dziko lino lidadzidzimuka ndi kusolola ndalama za boma kumene kudatchedwa Cashgate. Ofufuza a kampani ya Baker Tilly adapeza kuti m'miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala, ndalama zoposa K13 biliyoni zidatayika kudzera m'kuba, malipiro opanda umboni ndi mitengo yokweza mwadala. Njira imodzi idali iyi: malipiro ankalowetsedwa m'pulogalamu ya boma yoyendetsera chuma yotchedwa IFMIS, cheke n'kutuluka, kenaka wina n'kufufuta malipirowo m'kaundula. Adaba ndi anthu, ndipo mlandu ndi wawo. Koma tsiku lililonse la miyezi imeneyo pulogalamuyo inkaoneka yamoyo: inkayaka, inkasindikiza, inkaphatikiza bwino. Woyesa pongoona ngati chinthu chikuyenda sakadapeza kanthu. Mng'alu wotere amaupeza ndi munthu wokhala pansi n'kudzifunsa funso losakoma lakuti, wakuba atakhala pampando uwu angachite chiyani? Kalembedwe kovomera zonse osawerenga kalibe malo a funso limeneli, chifukwa muyeso wake wokha ndi wakuti chinthucho chikuoneka kuti chikuyenda.

Palinso nkhani ya zaka. Ilala idapangidwa ku Scotland mu 1949, idabwera zidutswazidutswa, idalumikizidwa ku Monkey Bay n'kuyamba ulendo mu 1951. Ngati yatumikira zaka zoposa 70 si chifukwa chakuti sinkawonongeka, pakuti ngakhale injini zake zidasinthidwapo, koma chifukwa m'badwo uliwonse udali ndi amakaniko otha kutsikira m'chipinda cha injini n'kumvetsa zimene akuona. Pulogalamu nayo moyo wake wambiri uli patsogolo pa tsiku loiyamba. Malamulo a msonkho amasintha, mafoni amasintha, kwacha imagwa monga idagwera ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo nthawi iliyonse wina ayenera kutsegula ntchito yakale n'kusintha pamodzi popanda kugwetsa pena. Otamanda liwiro amawerenga tsiku loyamba lokha.

Otsutsa ali ndi yankho lamphamvu, ndipo siliyenera kupeputsidwa. Amati makinawa akukula mwezi ndi mwezi. A lero amatha kale kuyesa ntchito yawo okha, kupeza zolakwa m'ntchito ya anthu, ndi kugwira ntchito yaitali osasokera. Izi n'zoona, ndipo akatswiri ambiri tsopano amasiyira makina gawo lalikulu la kulemba. Koma amene akupindula motero ndani? Ndi anthu amene adatha zaka akulemba ndi manja, oti akaponya diso pa mizere 200 amadziwa pamene khoma lili lopyapyala. Makina awapatsa manja khumi, koma khutu logogodera adali nalo kale. Funso lovuta n'la wophunzira. Mwana wa mmisiri amaphunzira kumva kukhuthala kwa mtengo chifukwa adafukulapo, adaboola kabwato kake koyamba, adadzudzulidwa. Ngati ntchito zonse zazing'ono, zimene kale zidali sukulu ya woyamba kumene, zipita kwa makina, khutu limenelo lidzamera pati? Dziko lokhala ndi anthu ambiri odziwa kupempha pulogalamu koma ochepa odziwa kuitsegula lidzakhala likudikira wina nthawi iliyonse chinthu chikaima. Anthu a m'boma la Nkhata Bay, amene ana awo akhala akupita ku Joni ndi ku Harare kuyambira nthawi ya atsamunda, adalawa nawo kuwawa kwa pulogalamu yoima kumayambiriro kwa 2024, pamene kusindikiza mapasipoti kudaima kwa milungu yambiri, boma n'kunena kuti akuba a pa intaneti alowa m'makina ndipo akufuna dipo. Milungu imeneyo, funso lakuti ndani m'dziko muno angatsegule ndi kukonza pulogalamu lidafika pakhomo pa munthu aliyense wokhala ndi ulendo.

Mnyamata wa banki m'khonde uja asataye foni yake. Chofunika kusintha ndi dongosolo la ntchito. Ayambe wakhala pamsonkhano wa amayiwo milungu ingapo, ali chete ndi kope lake, kulemba malamulo osalembedwa aja. Makina akamupatsa mizere, awafunse kuti amufotokozere uliwonse, pakuti pa ntchito imeneyi ndi aphunzitsi oleza mtima. Ndipo mzere umene sangathe kuufotokoza yekha kwa azakhali ake m'Chitonga asaulole kukhudza ndalama za munthu. Kenaka ayese kumiza pulogalamuyo yekha, ikadali pamadzi osaya: alowetse maina awiri ofanana, azimitse netiweki pakati pa kulemba, adine kawiri, alembe tsiku la 31 Epulo, afufute ngongole n'kuona ngati patsala chizindikiro cha amene wafufuta. Ndipo chaka choyamba chonse kope lakale lija lipitirire kulembedwa pambali, kuti Loweruka lililonse msungichuma aziphatikiza ndi bolopeni, mlembi aziwerenga za pafoni, ndipo ziwerengero ziwirizo zikasiyana gulu lisabalalike mpaka chifukwa chake chitapezeka. Pulogalamu imene makina adailemba madzulo amodzi idzakhala itatenga miyezi 12 kuti amayiwo aisungitse bokosi lawo.